Ndodo ya abwana aafupi yandipinda msana

Aphungu,

Ine ndakalambira pa bwalo la gofu. Moyo wanga wonse ndinkanyamulira anthu zikwama za ndodo, zolemera ngati mwana wa ng'ombe, msana osadandaulapo. Nditapuma ntchito, abwana ena anandisiyira ndodo yawo yogogodera mpira kuti ulowe m'dzenje. Anali munthu wabwino, koma wamfupi zedi. Ine ndine uja wogunda mutu pakhomo.

Tsono mwezi wamawa kuli mpikisano wa ife akale, wolowetsa mpira m'dzenje basi. Ndagoneka kapu pakhonde ngati dzenje loyesererapo, ndimawerama pamenepo kuyambira m'mawa, tiyi mpaka kuzizira. Ndikati ndiwongoke, m'chiuno ngati mwalowa msomali. Apa ndiye mutu waima. Kampirako sindikamenya n'komwe, ndimangokakhudza! Chikwama chinandilephera, ndiye kukhudza kokha kundigwetse?

Mayi akunyumba anati, "Bambo, mukuyenda ngati mwataya singano." Ndodo aitsekera m'kabati, kiyi ali m'thumba mwawo, ati saitulutsa mpaka inu muyankhe. Mnzanga wina akuti ndi matiresi, wina akuti ndi ukalamba, ndingokhala pansi. Ndimve ziti? Mpikisanowu ndiuphonye?

G.T., kuseri kwa bwalo la gofu

Achikulire,

Matiresi alibe mlandu. Ponyamula chikwama munkayenda mutawongoka. Pano mwaima malo amodzi mutapinda msana, thupi lonse lakumtunda likulendewera pa minofu ndi mfundo za m'chiuno. Chikukupwetekani si kugogoda, ndi kuwerama nthawi yaitali. Ndipo ndodoyo ndi ya msinkhu wa mwiniwake. Mukudzifupikitsa kuti mufanane ndi abwana anu.

Pitani nayo kwa okonza ndodo akaitalikitse, kapena bwerekani yaitali. Powerama, pindani polumikizana ntchafu ndi chiuno, mawondo ofewa, msana wowongoka. Gogodani pang'ono, wongokani, zungulirani nyumba, mubwererenso. Potola mpira m'kapu pindani mawondo, chifukwa ambiri msana amaupwetekera pamenepo. Pumani kaye masiku angapo, koma muziyenda, osangogona. Mukatero mpikisano muupeza.

Chenjerani: ululu ukatsikira m'mwendo, phazi likachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukayamba kuvuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ululu ukakana kutha, pitaninso.

Mayi auzeni atulutse ndodoyo. Koma kiyi asunge ndi iwo, tiyi akayamba kuzizira aziitsekeranso.