Mphete ya Utawaleza Inali pa Mutu wa Yani?

Aphungu,

Ndine mlimi wa kachewere kuno ku Biriwiri, ndipo mowa sindilawa. Ndaneneratu kuti musandifunse. Sabata ziwiri zapitazo, ine ndi akazi anga a Malita tinalawirira kumunda wathu wa kuseri kwa phiri. Chigwa chonse chinali chitadzaza nkhungu, dzuwa likungotuluka kumbuyo kwathu. Titafika pamwamba, ndinaona chimunthu chitaima m'nkhungumo, chachitali kuposa bulugamu, kumutu kwake kuli mphete yowala ya mitundu ya utawaleza. Ndinakweza khasu, nacho chinakweza. Ndinagwada, nacho chinagwada. Aphungu, ndinalira. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chotero.

Ndinafuula kuti, "A Malita, taonani, Mulungu wandiveka chisoti cha oyera mtima!" Iwo anali ataima chapatali pang'ono, nawonso misozi ili m'masaya. Anati, "Inuyo? Chimunthucho chasenza dengu ngati ine, mpheteyo ili pa mutu wanga. Oyera mtima ake ati, ofika ku misa anthu akutuluka?"

Tinakangana mpaka Loweruka pamsika wa Lizulu, pomwe ndinawatchula abodza anthu akumva. Anapita kwa amayi awo. Ankhoswe akuti ndikapanda kubweza mawuwo mwezi uno usanathe, banja latha. Ndimawakonda, koma ndikane bwanji zimene ndinaona ndi maso angawa?

C.G., Biriwiri.

A C.G.,

Mwandikwiyitsa kwabasi. Ine ndinatha zaka zinayi ku yunivesite ya Makerere ndikudya nthochi zophika, ndikuwerenga za chinthu chimenechi m'mabuku, osachionako ngakhale kamodzi. Inu mwachiona ulele, khasu lili paphewa, ndiye kuthokoza kwake n'kutukwana mkazi pamsika?

Chimunthucho ndi chithunzithunzi chanu, bambo. Dzuwa likakhala chakumunsi kumbuyo kwanu, inu muli pamwamba, chithunzithunzi chimakagwera pa nkhungu monga chimagwera pakhoma. Chimaoneka chachikulu chifukwa m'nkhungu diso limasowa mtengo kapena mwala woyezera kutalika. Mngelo wosenza khasu munamumvapo kuti?

Za mphete tcherani khutu, chifukwa banja lanu lagona pamenepa. Nkhungu ndi timadontho ta madzi tosawerengeka. Kuwala kwa dzuwa kukatigunda, timakubweza komwe kwachokera, kutagawika mitundu ngati utawaleza. Choncho munthu amaona mphete pa chithunzithunzi cha mutu wake wokha, wa mnzake ayi. Anthu khumi ataima paphiripo, aliyense angalumbire kuti woyera mtima ndi iye. Galu wanu akanakhalapo, nayenso akanabwera kumudzi akuyenda monyada.

Musayese kuti ndapeputsa zimene munaona. Taganizani: kadontho kochepa kuposa fumbi, pamodzi ndi dzuwa lakutali lija, kugwirizana kuveka chisoti aliyense wofika pamenepo, mfumu kapena wapathangata, osamufunsa dzina. Misozi yanu siinapite pachabe. Munaona zoona, a Malita anaonanso zoona. Bodza ndi limodzi lokha, lija munanena pa Lizulu.

Tsono chitani izi. Pitani kwa ankhoswe lero, osati mawa, mukanene kuti munalakwa. Munanyoza pagulu, mukapepesenso pagulu, pamsika womwewo, mokweza monga munakwezera tsiku lija. Kenaka, nyengo yozizira isanathe, tsiku la nkhungu mukwere nawo phirilo dzuwa likutuluka. Muime motalikirana, aliyense aone yake. Mukatero muyandikire, tsaya ligunde tsaya, muyang'anenso. Mudzaona mphete itazinga mitu iwiri.

Koma chenjerani: musachitsatire chimunthucho, ngakhale chikukodoleni. Nkhungu imabisa phompho, ndipo mukaponda molakwika, a Malita adzatsala ndi munda, dengu ndi mphete yomwe, popanda wowatsutsa.

Aphungu