Sindibatizidwa Chogona

Amayi,

Kodi kumene muliko kukucha bwanji? Mundikhululukire kalembedwe. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye mawu ena ndiwalakwitsa. Komanso zala zanga masiku ano zimachita dzanzi chifukwa cha mankhwala, cholembera chimangoterereka. Pamene mzere wakhota dziwani kuti ndi dzanja, mutu uli bwinobwino.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Mng'ono wanga Lonesi anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Mwanayo akafuna kulira amayamba wakwinya chipumi monga munkachitira inu mbuzi zikalowa m'dimba. Munda wanu wakudambo analima achimwene anu, amalume a Kadzamira. Chimanga chinachita bwino koma mtedza unatha ndi chiswe. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba, mpaka lero akungoti tikonza.

Ife tikadali ku Eriya 12, m'kanyumba kaja ka kuseri kwa abwana. Bambo a Chisomo akadali pa ulonda wawo. Benchi langa la tomato kumsika wa mu Tauni ndinayamba ndamusiyira mnzanga, chifukwa dengu sindingathenso kulisenza.

Amayi, ndikudwala khansa. Inayamba ngati kambulu m'bere lakumanzere. Ndinakabisa nthawi yaitali, osati chifukwa sindinkakaona, koma chifukwa ndinkakaganizira kwambiri mpaka kuopa kukatchula. Kuchipatala chachikulu anadula kanyama n'kukayeza, kenako adokotala anandiuza kuti ndinachedwa kubwera. Bere anachotsa. Tsopano ndikulandira mankhwala a m'dilipi. Tsitsi lonse linathothoka, mutu uli ngati tsiku lija tinameta pa maliro anu.

Mukundidziwa mmene ndilili. Munkati, "Iwe Esinati, umadandaula za mvula ya chaka chamawa chimanga cha chaka chino chikadali m'munda." Ndiye ganizani munthu wotere atamuuza za khansa. Ndinkada nkhawa ndi chilichonse. Adzaphikira bambo a Chisomo ndani? Abwana akamva kuti kuseri kuli wodwala satithamangitsa? Bokosi langa lidzatuluka bwanji pakakhomo kopanikiza kaja? Mpaka tsiku lina ndinakayeza khomolo ndi mikono.

Pampando woyandikana ndi wanga kolandirira dilipi pankakhala mayi wina wa ku Eriya 9, a Nabengo, wodwala ngati ine. Mayi ameneyu ankapemphera mokweza, koma ngati akunenerera mtengo pamsika. Ankati, "Ambuye, lero musandichititse manyazi pamaso pa anesi, ndisasanze. Mwakana? Chabwino, ndisanze pang'ono." Ine ndinaseka, koyamba chilowereni m'chipatalamo. Anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Asisi, mukuseka ine, nanga zanuzo mumauza ndani?" Ndinati palibe, ndimangosunga. Anati, "Katundu yenseyo mwasenza nokha, wopanda ndi nkhata yomwe?"

Ndi iwo ananditengera kutchalitchi. Ndikudziwa kuti kwathu ndife a gule, ndipo inu munkati tchalitchi n'cha anthu a nsapato. Ndinalowa ndi masilipasi anga, palibe anandibweza. Sindikubisirani, a Nabengo anamwalira nthawi yozizira yapitayi. Choncho musaganize kuti wina anandinyengerera kuti ndikalowa ndichira. Ndinaona ndi maso anga kuti wopemphera nayenso amafa. Koma ndinaonanso kuti mayi uja sanafe yekhayekha mumtima. Yesu amene ankakangana nayeyo ndinayamba kumuuza zanga inenso. Mantha sanathe ayi. Kungoti tsopano akabwera ndili ndi kowatula.

Kumpingo kwathuko sabatiza munthu tsiku lomwe wabwera. Umayamba walowa kalasi, n'kumaphunzira Lamlungu lililonse mapemphero akatha, mpaka akulu a mpingo akufunse mafunso n'kukhutira. Ine ndimakhala pa benchi limodzi ndi atsikana a msinkhu wa mwana wanga Chisomo. Iwo amalemba, ine ndimasunga pamtima. Gulu lathu lidzabatizidwa anthu akakolola chaka chamawa.

Tsopano ndikuuzeni zimene zachitika Loweruka lapitali, zimene zandilembetsa kalatayi.

Dilipi ya sabata imeneyo inandigwetsa kwambiri. Ndinagona osadya, ngakhale madzi ankabwerera. Bambo a Chisomo anachita mantha, ndipo osandiuza anaimbira foni kumudzi, n'kupitanso kwa abusa.

Amalume anafika chakumasana, nkhuku ili kukhwapa. Anakhala pampando pafupi ndi bedi, n'kuyamba mwaulemu monga mukuwadziwira. Anati, "Mphwanga, tiye kumudzi. Nyumba ya mayi ako tasesa, akazi azira pansi, mphasa tayala. Ukapume pakati pa abale." Kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti, "Munthu wamoyo amakwera minibasi pampando umodzi, koma mtembo umafuna galimoto yonse." Musawakwiyire, Amayi. Ndi mmene timachitira kwathu, ndipo inunso tinakutulutsani m'chipatala chomwecho. Ananena misozi ili m'maso.

Asanamalize, pakhomo panamveka odi. Anali abusa ndi mkulu wa mpingo mmodzi, atanyamula kabeseni kovundikira ndi nsalu yoyera. Abusa anati, "Mayi, akulu akambirana. Poona mmene zinthu zilili, sitidikira kuti mumalize kalasi. Tikubatizani lero lomwe, pabedi pomwepa."

Ndinayang'ana uku, amalume ndi nkhuku yawo. Ndinayang'ana uku, abusa ndi beseni lawo. Anthu awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse, wina wa gule wina wa mpingo, koma tsiku limenelo anagwirizana chinthu chimodzi, chakuti ine ndatha. Onse anabwera ndi chikondi, koma onse anabwera kudzandilongedza.

Amayi, sindikudziwa kumene mphamvu zinachokera. Mtima unangotentha. Ndinadzuka, n'kumanga duku, n'kugwira khoma mpaka kutuluka panja. Ndinakaima pansi pa mtengo wa mapeyala uli pafupi ndi mpanda, iwo n'kunditsatira. Ndinafuna kuti zimene ndinene andimve ndili chilili.

Ndinati, "Abusa, zikomo, koma madziwo bwererani nawo. Ine sindinalowe mpingo kuti ndipeze ondiimbira pa maliro. Tsiku limene anzanga a m'kalasi adzaimirire kutsogolo, inenso ndidzaimirira nawo, ndidzayankha mafunso ndi pakamwa panga, mpingo wonse ukumva."

Abusa anandifunsa mofatsa kuti, "Nanga mayi, mukapanda kufika tsikulo?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa ndi lomwe ndimadzifunsa ndekha. Koma ndinati, "Amene ndikumutsatayo akundidziwa kale. Ndakhala ndikumusokosera tsiku ndi tsiku, sangandiiwale chifukwa mutu wanga sunanyowe."

Kenako ndinatembenukira kwa achimwene anu. Ndinati, "Amalume, nkhuku ndalandira ndi manja awiri. Koma mphasa mwayalayo kapindeni. Kumudzi kulibe dilipi. Adokotala sanandiuze kuti asiya, ndiye ine ndisiyirenji?"

Chibadwire sindinawayankhepo amalume choncho. Iwo anangoti, "Liuma ili ndi la mayi ako. Zikavuta usadzati sitinabwere." Anatenga chipewa chawo n'kupita, osadikira ngakhale tiyi. Abusa sanakwiye. Anangogwedeza mutu n'kuti, "Ndiye Lamlungu musajombe, mayi." Mkulu wa mpingo uja anasowa kopita ndi madzi aja, anangowathira pa mpiru wa bambo a Chisomo. Tinapemphera pomwepo, ine nditatsamira mtengo.

Abusa atangotuluka pageti, ndinakhala pansi n'kusanza. Nkhawa zinabwerera zonse. Mwina ndakana chinthu chimene sichidzabweranso. Mwina ndadzikuza pamaso pa Mulungu. Mwina ndidzawavutitsadi abale ndi galimoto ija. Bambo a Chisomo anandinyamula n'kundibwezera pabedi, akupepesa kuti anachita zinthu mosandifunsa. Ndinawauza kuti tsiku lina akadzafuna kundiitanira anthu, ayambe andigwedeza kaye aone ngati ndikuyankha.

Koma sindinasinthe maganizo. Ndinakumbukira mmene munkanenera ndikabwera ndikulira ndili mwana, kuti, "Lira msanga, ukamaliza ukatunge madzi." Lamlungu ndinapita. Ndinatsika minibasi kawiri panjira chifukwa cha mseru, ndinafika kalasi ili pakati, koma ndinakhala pa benchi langa. Atsikana aja anandisunthira malo.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikukonzekera zoipa zisanafike. Kamodzi kokha aka ndikufuna ndikonzekere chinthu chabwino. Nsalu yoyera yodzavala tsikulo ndagula kale m'mashopu a ku Bwalo la Njovu, ili kwa telala. Anafuna kundiyeza mmene ndililimu, ndinamuuza kuti asiyeko malo, ndinenepa.

Zimene sizinathe ndi izi. Kuchipatala anandijambula pachifuwa kuti aone ngati matendawa afika m'mapapo, ndipo zotsatira sizinatuluke. Amalume sakuyankha foni yanga. Ndipo pali china chimene chimandilemera kuposa zonse. Ndinafunsa m'kalasi kuti nanga mayi anga, amene sanabatizidwe koma sanagonekepo mwana wa munthu ndi njala, ali kuti? Aphunzitsi anati zimenezo akudziwa ndi Mulungu yekha. Anatinso kumpingo kwathu sitipempherera omwalira. Yankho limenelo silinandikwane, ndipo sindikudziwa ngati njira ndatengayi ikafika kumene muli inu.

Chimene ndikulonjeza n'chakuti dzina lanu sindisiya kumutchulira Yesu, kaya n'zololedwa kaya ayi. Ndimuvutitsa nalo mpaka adzandiyankhe.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Esinati