Nthanga za M'botolo la Phulusa

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Chintheche tili bwino, ngakhale mukundidziwa, mtima wanga suchedwa kuthamanga. Dzinja lino ndi lachiwiri chikuikireni m'manda. Mwana wanga Wezi adabereka mwana wamkazi nthawi ya mwera. Ali ndi makutu anu. Akatsokomola kamodzi ndimafuna kuthamangira naye kuchipatala, koma ndi wonenepa bwino.

Lero ndikuuzeni za dimba lanu la kuseri kwa khitchini, chifukwa ndidalakwa. Botolo lija la nthanga za maungu, lomwe munkathiramo phulusa kuti zisafumbwe, ndidalipeza patsindwi. Ndi maungu amizeremizere aja, otsekemera ngati mbatata, amene mudatenga kwa amayi anu. Kumsika sapezeka. Ndidabzala mvula yoyamba. Patapita masiku atatu, osamera. Ndidayamba kufukula ndi chala m'mawa uliwonse kuti ndione ngati zili moyo. Timizu tidathyoka, ndipo nkhuku zidatola zotsala pomwe ndidafukulapo. Palibe idamera. M'botolo mudatsala nthanga zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo ndinkaopa ngakhale kulitsegula.

Munkandiuza kuti, "Iwe, manja ako ndi abwino koma sakhazikika. Ukabzala, pita ukaviike chinangwa, uiwale." Ndidakumbukira mochedwa.

Dimbalo silidandikwiyire. Mvula itakhazikika, bonongwe ndi chisoso zidamera zokha, osapemphedwa. Kutazizira ndidabzala mpiru ndi tomato, ndikumathirira madzi otsukira usipa monga munkachitira. Mwera udagwetsa timitengo ta tomato kawiri, ndidadzutsa. Pofika Okutobala mchenga unkaotcha mapazi, ndipo zonse zidapsa. Kudatsala tsabola wanu wa kambuzi ndi udzu wonunkhira uja wothira mu tiyi. Tidadya chigwada ndi mfutso mpaka ana kudandaula.

Mvula ya chaka chino itagwa, Wezi adandilanda botolo. Adati, "Ama, bweretsani kuno, inu muzipha ndi chikondi." Adabzala zonse, n'kuphimba mapando ndi minga. Nditafunsa ngati mingayo ndi ya nkhuku, adaseka. "Nkhuku yake ndinu, Ama. Yamiyendo iwiri, yovala chitenje."

Masiku amenewo adatalika, Amayi. Ndinkaima pambali manja ali kumbuyo. Tsiku lina chala chidandiyabwa kwambiri, ndiye ndidasenza chinangwa kupita kukaviika, ngakhale ufa wa kondowole udali wodzaza m'dengu. Patapita sabata, zisanu zidatuluka, timasamba tiwiritiwiri. Ndidakhala pansi pomwepo, ndikuseka ndikulira.

Tsopano maungu ayanga mpaka padenga la khitchini. Nkhwani tadya wotendera, tagawirako ndi oyandikana nawo. Dzulo ndadula dzungu lalikulu. Kukoma kwake n'komwe kuja. Mdzukulu wanga ndamulawitsa pang'ono ndi chala, wanyambita mpaka kulira nditachotsa. Nthanga zili palichero padzuwa, ndipo ndatuluka kangapo kukaona ngati kwabwera mbewa kapena mitambo. Zimenezo sindingasiye.

Zikauma ndizithira phulusa. Zina zilowa m'botolo lanu, zina ndimupatsa Wezi asunge kwake, kuti zisakhalenso m'manja mwa ine ndekha. Ndikulonjeza kuti mvula ikubwerayi ndidzabzala ndekha, popanda minga, kenako ndidzapita kukaviika chinangwa.

Ndimakukondani ndipo ndimakusowani.

Ndine mwana wanu wamantha uja,
NyaBanda