Chigoli Chofika Mochedwa

Lachinayi, 6 Malichi

Zoti zitheke kaye ndisanaganize china chilichonse:
1. Kanema wa pa intanetiyu, ndipitirize kapena ayi? Masabata awiri aulere akutha pa 19.
2. Kuwaphunzitsa Bambo rimoti yatsopano. Mabatani asanu okha, koma akuigwira ngati khala la moto.
3. Kumata bowo lomwe munkadutsa waya. Mukulowa nyerere.

Dishi ya kanema yatsitsidwa dzulo. Wotsitsayo watenga dishi yomweyo ngati malipiro ake. Sindinachite mwaphuma ayi. Mwezi wathunthu ndinkalemba m'kope zomwe timaonera ndi maola ake, monga ndimalembera zoyeza madzi ku labu. Matchanelo oposa zana, ife timaonera atatu. Ine nkhani, Bambo mpira wa Loweruka. Zonsezo pa intaneti zilipo, mtengo theka. Achimwene pa foni: "Madishi ndi achikale, mlongo, dziko linapita." Kulankhula n'kosavuta. Bambo sakhala nawo iwowo.

Loweruka, 8 Malichi



A Telala ndi a Sajeni, anzawo a Bambo, anabwera kudzaonera mpira monga mwa masiku onse. Chimwalirireni Mayi, chifookereni mwendo wa Bambo, sanaphonyepo Loweruka. Chithunzi chowala bwino, mpaka a Sajeni anayamikira udzu wa m'bwalo.

Mphindi ya makumi awiri, m'nyumba ya pamwamba pathu munaphulika. Kupondaponda, mipando kugwa, "Chalowaaa!" Kwathu mpira udakali pakati pa bwalo, wina akumanga nsapato. Tonse kuyang'ana kudenga. Kenako chigoli chija chinafika kwathu, chozizira. Palibe anaimirira.

Chachiwiri ndinayeza ndi wotchi. Masekondi 43. Chachitatu 43 omwewo. Makanika wa pamwambayo ali ndi dishi, ndiye amaona ife tisanaone.

A Telala: "Mwana wathu, mwatiyatsira mpira wa dzulo kodi?" Anaseka mpaka kutsokomola. Bambo sanaseke.

Lolemba, 10 Malichi

Ndaimbira kampani. Mphindi 26 ndikumvera kanyimbo kamodzimodzi. Mtsikana wake mawu osalala: "Ndi mmene zimakhalira, mayi." Mmene zimakhalira! Malamulo awo ndinawerenga masamba onse khumi ndi limodzi ndisanavomere. Za kuchedwa mulibe ngakhale liwu. Ndawerenganso lero pa nthawi ya nkhomaliro, ndi pensulo m'manja. Mulibe.

Ndasuntha kabokosi ka intaneti katatu. Ndagula waya wina. Ndayesa pa mpira wa madzulo: 41. Masekondi awiri, ndiwo phindu la waya.

Ku labu ndasinthanitsa mapepala a mabotolo awiri. Zaka khumi ndi zinayi sizinandichitikirepo. Mwayi ndazindikira ndekha.

Achimwene akuti ndiwagulire Bambo zomvera m'makutu. Nanga a Telala ndi a Sajeni? Madoda atatu atatseka makutu, aliyense payekha, ngati ali m'ndege? Ndadula foni.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinakwera pamwamba. Ndinakonzekera mawu aulemu, ndinachita kuwalemba. Ndinangopempha kuti chigoli chikalowa asamaponde pansi ndi kukuwa, chifukwa kwathu chimafika patapita masekondi 43.

Makanika uja, mafuta mpaka m'zigongono, anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. "Ndiye chikalowa ndiziyang'ana wotchi, adona? Ndiwerenge fote-fili kenako ndisangalale?" Akazi awo kumbuyo akubisa mano ndi nsalu.

Magazi anandikwera. Ndinati ena tinapita kusukulu, timadziwa kukhala ndi anthu. Ndinatchulanso za galimoto zakufa zomwe anadzaza pabwalo, ndi zokawanenera kwa mwininyumba. Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, bola akanachimenyetsa.

Sindinalakwe. Phokoso ndi phokoso.

Loweruka, 15 Malichi

Mawindo onse ndinatseka. Thaulo pansi pa chitseko. Mawu a kanema mpaka kumapeto. Bambo anavala malaya ositidwa nthawi isanakwane n'komwe, mipando itatu itayalidwa.

Ndinawamva akubwera, ndodo ya a Sajeni go, go. A Telala anasuzumira pakhomo: "Tikangoona poyambira pamwambapa, achimwene, tikupezani pa hafu taimu." Maso kumbali.

Sanatsike.

Masitepe ndi khumi ndi asanu ndi atatu. Bambo akakwera atatu okha amapuma kawiri.

Anakhala okha pakati pa mipando iwiri yopanda anthu. Kenako anapeza okha batani lochotsa mawu, lomwe ndawaphunzitsa sabata yonse osaligwira. Maso kudenga. Pamwamba pakagunda, iwo kumwetulira pang'ono. Kuseka kwa a Sajeni kumamveka bwinobwino.

"Zimitsa, mwana wanga. Ndikumvera pamwambapa."

Ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve. Ndakwiyira kampani, achimwene, madoda awiri aja osakhulupirika. Makamaka ndakwiyira kope lija. Ndinalemba maola a mpira, osalemba kuti Bambo amaonera ndi ndani.

Lamulungu, 16 Malichi

Za pa intaneti ndaletsa. Anandifunsa kasanu ndi kawiri ngati ndatsimikiza. Ndatsimikiza!

Wotsitsa dishi akuti yathu anagulitsa tsiku lomwelo. Yatsopano mpaka masabata atatu. Loweruka likubwerali ndi ndime yomaliza ya chikho, timu ya Bambo ilimo, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Akuti njira ilipo imodzi: dishi imodzi imatha kudyetsa madikoda awiri. Dikoda yathu ikadali m'katoni, ndingolipira mwezi. Chofunika ndi waya wochokera pa dishi yapafupi, kutsikira pawindo.

Yapafupi ndi imodzi yokha.

Kalata ndalemba kanayi. Yoyamba inali ndi mawu oti "ngakhale inunso". Ndang'amba. Yomwe ndalowetsa pansi pa chitseko chawo ndi iyi:

Bambo ndi mayi a pamwamba, zomwe ndinalankhula Lachitatu zinali zamwano, ndipo ndinalakwa. Za sukulu zija mundikhululukire. Ndikupempha kulumikiza waya pa dishi yanu, osati chifukwa cha ine koma bambo anga, omwe sangathe kukwera masitepe. Zonse ndilipira ndine. Chigoli chikalowa kuwani mmene mungathere. Wolumikizayo akufuna kudziwa pofika Lachiwiri, ndiye chonde mundiyankhe msanga, ngakhale pongogogoda pansi kawiri. Ndimva.