Sipika Imene Anatumiza ku Chiliza Chanu

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Kaporo tilipo. Madzi a chaka chino analowa mpaka m'khitchini, koma mpunga sunatichititse manyazi, kilombero wadzaza chipinda chanu chija. Mkazi wa mchimwene wanga Lusekelo wabereka mwana wamkazi, wamapazi aakulu ngati anu, ndipo tamupatsa dzina lanu.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi gulu lanu la gule wa ndolo, ndipo ndikuuzeni poyera, ndanyansidwa.

Mukukumbuka bungwe la magule lija linayamba inu mukudwala, loti ligwirizanitse magulu onse a m'boma lino? Anandisankha kulowa m'komiti, ati ndiziyankhulira magulu ang'onoang'ono ngati lathu. Ndisaname, zabwino lachitapo. Nsalu zofanana tinalandira, ndipo atsikana athu anakawona Mzuzu. Koma tsopano lapanga gulu lakelake loimira boma lonse, ndipo ovina likuchita kutola m'magulu mwathu ngati munthu wosankha tomato pamsika. Aimvi siliwafuna. Ng'oma silizifunanso, ati zimadya malo pa lole, ndiye amavinira sipika. Kuyeserera kwawo anakuika Loweruka, tsiku lomwelo limene inu munkatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Gulu lokaniza atsikana ake siliitanidwanso kulikonse. Ndayankhula m'misonkhano mpaka mawu kusasa, iwo amangondiombera m'manja n'kupita pa mfundo ina. Pansi pa mango paja pakutha, Amayi.

Ndiye linafika tsiku lovundukula chiliza chanu. Mukudziwa kuti wovina akamwalira, anzake amabwera kudzamuvinira nyimbo zake. Tsikulo ndinalinena mpunga usanache, komabe bungwe linaika tsiku lomwelo ulendo wa ku Chilumba, wokavinira alendo ena ake. Ndinapita kwa a tcheyamani a bungwelo kukapempha kuti andisiyire Tusekile yekha, mtsikana uja munamuphunzitsa kuyambira ali wamamina. Anandiyankha akusewera ndi foni.

"Mama, musadandaule. Alendo achokera kutali, sitingawauze kuti dikirani tili kumanda. Nyimbo za malemu tinajambula kale. Ndikutumizirani sipika, mungodina batani, zikhala ngati atsikana alipo."

Ndinangoti "ndagha", zikomo wathu wa Chinkhonde, n'kutuluka, chifukwa mawu ena amene anali pakamwa panga si amene munandiphunzitsa.

Ndipo anatumizadi. M'mawa lole inanyamula atsikana onse, Tusekile atayang'ana kumbali, kenaka wanjinga anafika ndi chisipika chakuda n'kuchitsitsa pafupi ndi mutu wanu. Inu amene munabwera kuno mlendo wa ku Dowa, mukusekedwa Chinkhonde chanu chokhota, n'kuphunzira ndolo mpaka eni ake kumabwera kudzafunsa kwa inu, lero akuvinireni ndi batani!

Tinatsala azimayi akuluakulu okhaokha, ndi a Gondwe, oimba ng'oma anu aja. Anawamba ng'oma pamoto, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Mipando yonse anali atakhalira akuchipembedzo. Sanafunse munthu. Anakoka sipika ija, kuigoneka chammbali, n'kukhalapo. Ati njabwino, siigwedera.

Tinavina, Amayi. A Namwira, mmodzi wa ife, bondo lawakanika chaka chino, koma atalowa m'bwalo a Gondwe anachedwetsa dzanja, kuwadikira, mpaka anazungulira bwinobwino akulira. Apo ndinakumbukira muja munkatikalipira: "Woimba ng'oma aziyang'ana mapazi, osati mitambo. Ng'oma ndiyo imatsata munthu." Ku Chilumba, ndamva, nyimbo yanu anaidula pakati n'kuikamo mawu otamanda alendo, atsikana akuthamangira sipika ngati ochedwa basi. Alendowo anadzuka kupita ku chakudya gule asanathe.

Sipika inabwerera yopindika pang'ono pakona, ndipo pachifukwa chimenechi gulu lanu aliimitsa m'bungwe, ati ndife amwano. Za tsiku limene anatilanda palibe amene watchula.

Loweruka lotsatira ndinasesa pansi pa mango ndisakudziwa ngati kubwera munthu. Anabwera aimvi omwe aja. Tili mkati, ndinawona Tusekile ataima kuseri kwa mpanda, mutu woweramitsa. Sindinamupatse moni, mtima unali usanatsike. Koma a Gondwe, maso awo pansi monga mwa masiku onse, anawona phazi lake likugunda lokha m'fumbi. Anasiya kutsata ife, ng'oma n'kutembenukira kwa iye. Mwanayo analimba pang'ono, kenaka anamanga chitenje n'kulowa. Sindikudziwa ngati Loweruka likubwerali lole sidzamutenganso, koma tsiku limenelo anavina mpaka nyimbo yanu kutha yonse, yosadula.

M'komitimo sindituluka. Akufuna nditope ndichoke ndekha kuti azigwirizana mosavuta, koma ndikhala pomwepo, pampando wakutsogolo, kuwafunsa za Loweruka msonkhano uliwonse mpaka atalibweza kwa eni ake. Ndipo ndikulonjeza, kamwana kadzina lanu kadzaphunzira kuvina pansi pa mango, ng'oma ikukadikira.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koposa kale.

Ndine mwana wanu,
Tupokiwe