Nkhope ya Amayi pa Chikwangwani

Achemwali anga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga diso la amayi likupeza bwanji chichokereni kuchipatala kuno? Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Paja amayi ali kuno ndinkapita nawo ku saluni komwe ndimagwira ntchito. Madamu, eni saluniyo, ankawakhazika pawindo, kuwapatsa tiyi, mpaka tsiku lina anawajambula, ati chikumbutso. Inenso anandijambula. Amayi anabwerera kwanuko akuwatama kuti ndi munthu wabwino mtima.

Tsopano Madamu ayamba kugulitsa mafuta odzola opangidwa ndi ndere za m'nyanja, ati amachotsa makwinya. Mafutawo ndilibe nawo mlandu, khungu amafewetsadi. Koma pakhomo apachika chikwangwani chachikulu. Kumanzere kuli nkhope ya amayi, aikuza mpaka khwinya lililonse likuoneka, ndi diso lija lotupa, pansi alembapo kuti asanadzole. Kumanja kuli ine, ati atadzola. Mukudziwa mmene ndinatengera amayi mphuno ndi chipumi. Anthu akukhulupiriradi kuti ndi munthu mmodzi. Dzulo kasitomala wina analoza nkhope ya amayi n'kuseka, ati bola kufa kusiyana ndi kuoneka choncho. Apo n'kuti ine ndikumutsuka tsitsi.

Nditadandaula, Madamu anati nkhalambayo sidzachiona n'komwe, ndipo ngati ndakhuta ntchito khomo ndikulidziwa.

Loweruka lomaliza la mwezi uno aitana azimayi olemera kuti adzawaonetse mafutawo. Pempho langa ndi limodzi: mubwere ndi amayi. Muwauze zonse, osabisa kanthu. Akakana ndimva. Akalola, ndidzawagwira dzanja, tidzaime awiri pansi pa chikwangwanicho Madamu ali mkati molankhula. Sindidzatukwana munthu. Ndidzangouza alendowo kuti awa ndi amene anandibereka, ndipo ndere sanadzolepo chibadwire. Ndikufuna ndidzaone komwe Madamu adzaike maso. Ntchito ithe ngati ikutha, zipeso zanga ndalongedza kale.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti makwinya amenewo tinawapatsa ndife ana awo, si a Madamu oti azigulitsira mafuta.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime