Kagalasi Kanu Kali M'kabati ya Amayi

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Kuno ku Area 14 tili bwino, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Mnzanu wa fizikisi amene mumachita naye kafukufuku uja anafika Lachiwiri. Anatipatsa kagalasi kakuda kamene mumadulamo tizipangizo ta m'foni, ndipo anati asayansi a maiko ena akutsata njira yanu. Amayi anamuphera nkhuku, kagalasiko n'kukaika m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo.

Chichokereni mlendoyo, amayi sakukhazikika. Amatsegula kabati, kukapukuta, kutseka, kenako kutsegulanso. Dzulo anandifunsa kuti, "Mwana wanga amapanga za m'foni, nanga bwanji satiimbira?"

Ndinati ntchito yakuchulukirani, koma ndatopa kukuyankhirani. Chonde, muwaimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Tiyamike